NYAMA YA M'TCHIRE SI CHIWETO

ALIYENSE amene amayenda m'misewu ikuluikulu ya dziko lino pa ntchito za Boma kapena za Chipani anazionapo zimene tikufuna kunena sabata ino. Galimoto ikangoima pamalo ogulitsira makala, bowa kapena mbewa zowamba, pamatulukira mnyamata atabisa kanthu m'malaya. Akavundukula, mupeza kuti ndi kamwana ka pusi, kaubweya wakuda, timanja take titakakamira chala cha wogulitsayo. Bwana wa m'galimoto agwidwa chifundo, nakumbukira ana ake kunyumba amene akhala akumuvutitsa kuti awapezere kanyama koseweretsa. Anenerera mtengo pang'ono, atulutsa ndalama, ndipo kanyama kaja kalowa m'katoni, ulendo wa kutauni. Usiku umenewo bwanayo agona ndi mtima woyera, poganiza kuti wapulumutsa moyo.

Ife tikunena mosapsatira mau kuti munthu ameneyu sanapulumutse kanthu. Wachitira nkhanza nyama, waika banja lake pangozi, ndiponso waswa lamulo la dziko. Tikulemba izi pa tsamba lino chifukwa ogula nyama zoterezi kawirikawiri sakhala alimi a kumudzi ayi. Mlimi amamudziwa bwino pusi, ndipo sangataye ndalama zake pa mdani wa chimanga chake. Ogula ndi anthu apantchito, a magalimoto, a nyumba za mipanda, anthu ophunzira amene anayenera kukhala patsogolo kuphunzitsa anzawo. Ogulawo ndife tomwe.

Tiyambe ndi funso limene wogula safuna kudzifunsa: kodi kamwanako kanafika bwanji m'malaya mwa mnyamata uja? Pusi wamkazi amakhala ndi bere miyezi isanu ndi theka, nabereka mwana mmodzi, ndipo mwanayo amakhala chokakamira pamimba pa make usana ndi usiku. Palibe pusi kapena nyani wamkazi amene amapereka mwana wake iye ali moyo ndi mphamvu zake. Kuti mwana apezeke m'mbali mwa msewu, ndiye kuti make anagwidwa ndi agalu, anakodwa mumsampha wa waya, kapena analasidwa. Tsono mnyamata uja akaona kuti mwana wa pusi wamubweretsera ndalama mosavuta, abwereranso kutchire ndi agalu ake sabata yotsatira. Motero ndalama za wogula ndizo zimalipirira imfa ya pusi wina. Chifundo choterechi n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana: chiweto, ndi nyama yongozolowera anthu. Chiweto ndi nyama imene mtundu wake wonse unasinthidwa ndi anthu m'mibadwo yosawerengeka, posankha zofatsa kuti ndizo ziziswana. Galu wakhala ndi munthu zaka zoposa 15,000. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zakhala m'khola zaka pafupifupi 10,000. Bulu anawetedwa muno mu Africa, kumpoto chakum'mawa, zaka zikwi zingapo zapitazo. Koma mbale wake, mbidzi, yakanika mpaka lero, ngakhale Azungu a nthawi ya utsamunda anayesa kuikoketsa ngolo. Kufatsa kwa galu n'kwa m'magazi. Kufatsa kwa pusi wokulira m'nyumba n'kwa ubwana chabe, ndipo kumatha tsiku limene ubwanawo watha.

Makolo athu zimenezi anazidziwa popanda buku. Anakhala moyandikana ndi apusi, anyani, agwape ndi afisi kuyambira kalekale. Anaziika nyamazi m'nthano ndi m'miyambi, ndipo mafuko ena anatenga maina awo ku nyama, monga a Njovu ndi a Nguluwe. Koma pakhomo anamanga makola a nkhuku, nkhunda, mbuzi ndi ng'ombe. Anadziwa pamene pathera mudzi ndi pamene payambira tchire, ndipo malire amenewo anawalemekeza. N'zomvetsa chisoni kuti nzeru imeneyi ikutayidwa ndi ife amene tinapita kusukulu.

Tiyeni tikatsatire kamwana kaja kunyumba kwa bwana. Miyezi yoyamba zonse zimakoma. Kamayamwa mkaka wa m'botolo, kamagona m'thaulo, ana amakavekera timalaya, ndipo alendo akabwera amakajambula ndi foni n'kuika zithunzi pa Facebook. Koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, nyamayo imayamba kutsegula makabati, kuswa mbale, kung'amba makatani ndi kuipitsa paliponse, pakuti pusi saphunzira ukhondo wa m'nyumba monga achitira mphaka. Akamayandikira zaka zisanu, pusi wamphongo amakhala atakhwima, mano ake akutsogolo atatalika ndi kusongoka. Nyani wamphongo ndiye woopsa koposa, chifukwa amapitirira makilogalamu 20 ndipo mano ake amafika masentimita 5.

Apa m'pamene pagona ngozi. Kutchire apusi ndi anyani amakhala m'magulu mmene aliyense ali ndi malo ake, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo malowo amalimbiranidwa ndi mano. Nyama yokulira m'nyumba imaliona banja ngati gulu lake. Ikakhwima imafuna kukwera udindo, ndipo siyamba ndi bambo wa panyumba ayi. Imayamba ndi ofooka: mwana wamng'ono, mdzukulu wobwera kutchuthi, mtsikana wantchito. Yolakwa si nyamayo, pakuti ikungochita zimene inabadwira. Wolakwa ndi amene anaibweretsa pakati pa ana.

Ikangoluma kamodzi, chikondi chonse chija chimatheratu. Imamangidwa chingwe kapena tcheni m'chiuno n'kukaikidwa pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Popeza palibenso wolimba mtima woiyandikira, chingwecho sichimasulidwa pamene thupi likukula, ndipo chimadya mnofu mpaka kusanduka chilonda. Ena amaitsekera m'kakhola ka waya mmene singathe kudumpha. Ana oyandikana nawo amaigenda poisereula. Tisaiwale kuti pusi wosungidwa amatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 20, ndipo nyani amapitirira pamenepo. Bwana uja adzasamutsidwa kupita ku boma lina, ana adzakula n'kuchoka, koma nyama ija idzakhala ikuzungulirabe mtengo womwewo.

Nkhanza yake sithera pachingwe pokha. Mu 1980 akatswiri atatu, Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler, anafalitsa zimene anapeza poyang'anitsitsa apusi a ku Amboseli m'dziko la Kenya. Anaona kuti apusi ali ndi kulira kosiyanasiyana kochenjezana: kulira kwa kambuku, onse amakwera m'mitengo, kulira kwa chiombankhanga, amayang'ana kumwamba n'kuthawira m'zitsamba, kulira kwa njoka, amaimirira ndi miyendo iwiri n'kuyang'ana pansi. Ana amayamba ndi kulakwitsa, kuchenjeza za chiombankhanga ataona mbalame wamba, ndipo amanka nawongokera pamene akukula pakati pa akuluakulu. Kale m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, Harry Harlow wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America anali ataonetsa kuti anyani oleredwa popanda amawo amakula osokonezeka: amadzigwedeza okha, amadziluma, amalephera kukhala ndi anzawo, ndipo aakazi amalephera kulera ana awo. Choncho amene walanda mwana wa pusi kwa make wamulanda sukulu yake, chilankhulo chake ndi mtundu wake womwe.

Wina anganene kuti yake ndi yosiyana, chifukwa anailera yekha kuyambira ili khanda. Mau omwewa ananenedwapo ndi ena, ndipo mapeto ake ali m'mabuku a apolisi. Mu February 2009, mumzinda wa Stamford ku America, nyani wamkulu wa mtundu wa chimpanzi, dzina lake Travis, amene analeredwa m'nyumba ngati mwana kwa zaka 13, nadyera pathebulo ndi kukwera galimoto pamodzi ndi eni ake, anagwira mai wina, mnzake wa mwini nyumba, amene ankamudziwa kwa zaka zambiri. Maiyo anapulumuka, koma anataya manja, maso ndi nkhope, ndipo nyamayo inaomberedwa ndi apolisi. Mu November 2011, ku South Africa, mlimi wina anapezeka atafa mumtsinje wa Vaal, atalumidwa ndi mvuu yotchedwa Humphrey imene anailera kuyambira ili ndi miyezi isanu. Ankaikwera pamsana, ankasambira nayo, ndipo ankauza atolankhani kuti ili ngati mwana wake. Anthu amenewa nyama zawo ankazikonda ndithu. Chikondi chawo sichinasinthe chibadwa cha nyamazo.

Palinso ngozi yosaoneka ndi maso, ndiyo matenda. Mu 1967 anthu ogwira ntchito m'nyumba zopangira katemera m'mizinda ya Marburg ndi Frankfurt ku Germany, ndiponso ku Belgrade, anadwala nthenda yachilendo yotaya magazi atagwira apusi otumizidwa kuchokera ku Uganda. Anadwala 31, ndipo 7 anamwalira. Nthendayo mpaka lero imatchedwa Marburg, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti kachirombo kake kamakhala m'mileme yodya zipatso. Apusiwo anangokhala mlatho. Mu 2003 amalonda a ziweto zachilendo ku America anaitanitsa kuchokera ku Ghana tinyama tating'ono pafupifupi 800, mwa ito muli abwampini. Tinyamato tinapatsira nthenda ya mpox tinyama tina ta kumeneko tonga agologolo, timene tinagulitsidwa m'mabanja, ndipo anthu 47 anadwala m'zigawo zisanu ndi chimodzi za dzikolo. Ngati zoterezi zinachitika m'maiko a zipatala zambiri, nanga kwathu kuno zingathe bwanji?

Pusi ndi munthu ndi oyandikana m'thupi, motero amapatsirana chifuwa chachikulu, matenda otsegula m'mimba ndi njoka za m'mimba, ndipo matendawa amayenda mbali zonse ziwiri. Za chiwewe, chimene chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, n'zoona kuti gwero lake lalikulu ndi agalu. Koma galu timamubayitsa katemera ndipo mbiri yake timaidziwa, pamene nyama yogulidwa pamsewu palibe angadziwe chimene chinailuma isanafike m'katoni. Aliyense wolumidwa ndi nyama yotere atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Tsopano tinene za lamulo, pakuti owerenga tsamba lino ambiri analumbira kulisunga. Lamulo loteteza nyama za m'tchire ndi malo ozisungira linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo linakhwimitsidwa mu 2017. Mzimu wa lamuloli ndi wakuti nyama za m'tchire ndi chuma cha mtundu wonse, osati cha amene wayamba kuzigwira. Kusaka, kugula, kugulitsa kapena kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo cha Dipatimenti yoona za nyama za m'tchire ndi mlandu, ndipo pa nyama monga njovu, chipembere ndi ngaka chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Dziko lino linalowanso mu 1982 m'pangano la maiko lotchedwa CITES, lomwe linasainidwa mu 1973 pofuna kuyang'anira malonda a nyama ndi zomera za m'tchire. Pa msonkhano wa panganoli ku Johannesburg mu 2016, maiko anagwirizana kuletseratu malonda a mitundu yonse isanu ndi itatu ya ngaka, pamodzi ndi a chinkhwe chotuwa chogwidwa m'nkhalango, mbalame imene inachepa kwambiri m'maiko ena kaamba koti anthu amafuna kuiika m'zikwere m'nyumba zawo.

Wogwira ntchito m'Boma amene ali ndi pusi pamtengo wa mango alibe nkhope yodzudzulira wozembetsa ngaka. Mnyamata amene lero waphunzira kuti nyama yamoyo ili ndi msika, mawa adzafunafuna nyama ya mtengo wokwera. Njira yake ndi imodzi, ndipo wogula woyamba ndiye amailambula.

Tikudziwa kuti pali zodandaula, ndipo n'koyenera kuziyankha. Choyamba, ena amati anaipeza nyamayo ili yamasiye ndipo sakanaisiya kuti ife. Mtima wotere ndi wabwino, koma ufunika nzeru. Mwana wa gwape kapena wa mbawala wopezeka yekha m'udzu kawirikawiri sakhala wamasiye ayi. Make amamubisa dala n'kumabwera kudzamuyamwitsa, ndipo womutola ndiye amamusandutsa wamasiye. Ngati nyama ndi yamasiyedi kapena yavulala, ntchito ya nzika yabwino ndi kudziwitsa a Dipatimenti kapena apolisi, osati kuilowetsa m'chipinda.

Chachiwiri, ena amati akufuna kuti ana awo aphunzire kukonda nyama. Koma mwana woona pusi pa tcheni tsiku ndi tsiku akuphunzira chiyani, ngati si kuti wamphamvu ali ndi ufulu womanga wofooka? Wofuna kuphunzitsa ana awatengere kumene nyama zili paufulu. Dziko lino lili ndi mapaki asanu, Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi ya pa Nyanja ya Malawi, ndiponso nkhalango zosungira nyama za Vwaza, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi. Mikango inabwezeretsedwa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018. M'masukulu muli makalabu a zachilengedwe othandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene chiyambi chake ndi cha mu 1947. Ndipo mwana wofuna chiweto chakechake mupatseni galu, mphaka, akalulu oweta kapena nkhunda, kuti aphunzire kudyetsa, kusesa khola ndi kusamala moyo umene uli m'manja mwake.

Chachitatu, ena amafunsa chifukwa chimene tikudandaulira apusi ndi anyani pamene nyamazi zikutha chimanga cha anthu m'minda. Dandaulo la mlimi ndi loona, ndipo sitikulipeputsa. Mai wochezera kumunda kuyambira m'bandakucha kuingitsa anyani ali ndi ufulu wofuna thandizo, ndipo a Dipatimenti ayenera kufika msanga akaitanidwa. Koma kugula mwana wa pusi sikupulumutsa chisononkho n'chimodzi chomwe. Ndipotu nyama yovuta kwambiri pamudzi ndi imene inakulira m'nyumba n'kutayidwa, chifukwa siopa munthu, imadziwa kutsegula chitseko, ndipo imadziwa kumene kumakhala chakudya.

Chachinai, ena amati kumaiko a Azungu anthu olemera amaweta mikango ndi anyani, ndipo ichi ndi chizindikiro cha kutukuka. Amenewa adziwe kuti maiko omwewo akhala akubwerera m'mbuyo atapsa manja. Dziko la Britain linaika lamulo loletsa kusunga nyama zoopsa za m'tchire popanda chilolezo mu 1976, ndipo dziko la America linaika lamulo loletsa anthu wamba kugula ndi kuswanitsa mikango, akambuku ndi zilombo zina zoterezi mu 2022. Kutola chimene anzathu akutaya si chitukuko.

Nanga amene ali nayo kale nyama yotere pakhomo achite chiyani? Asakaitaye kutchire yekha usiku, pakuti nyama yosadziwa kufuna chakudya ndi kuthawa adani idzafa ndi njala, idzaphedwa ndi zinzake, kapena idzalowa m'mudzi wapafupi n'kuluma ana a eni ake. Asaiperekenso kwa mnzake, pakuti kumeneko n'kungosamutsa tsoka. Aipereke kwa a Dipatimenti. Mu mzinda wa Lilongwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, muli malo otchedwa Lilongwe Wildlife Centre kumene nyama zamasiye, zovulala ndi zolandidwa zimasamalidwa. Kumeneko nyama imayamba yasungidwa payokha ndi kupimidwa matenda, kenaka imazoloweretsedwa pang'onopang'ono kukhala ndi zinzake, mpaka gulu lathunthu litapangika. Ndipo magulu ena a apusi ndi anyani anakatulidwa ku paki ya Kasungu. Ntchito imeneyi imadya miyezi ndi zaka, ndalama ndi anthu aluso, ndipo nyama zina zimafika zitaonongeka kotero kuti sizingabwererenso kutchire. Zonsezi n'kukonza zimene munthu mmodzi anaononga m'mphindi zisanu m'mbali mwa msewu.

Choncho tikupempha atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera ndi m'maboma kuti nkhani imeneyi aziinena pa misonkhano yawo, mogwirizana ndi mafumu ndi nyakwawa, makamaka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ndi misewu ikuluikulu. Achinyamata auzidwe kuti malonda amenewa mapeto ake ndi ndende. Apolisi a pa zipata za m'misewu asamangoyang'ana makala ndi katundu wozembetsa. Katoni yoboola timabowo nayonso aitsegule, ngakhale ili m'galimoto ya Boma. Aphunzitsi aphunzitse ana kusiyanitsa chiweto ndi nyama ya m'tchire. Alangizi a zaumoyo ndi a ziweto akaona nyama yomangidwa pakhomo alangize mwini wake ndi kudziwitsa oyenera. Eni malo ogona alendo ndi omwera mowa amene amasunga anyani, nsato kapena ana a ng'ona kuti akope makasitomala aleke, ndipo ife tileke kuwalimbikitsa ndi ndalama zathu.

Koposa zonse, akuluakulu a maofesi ayambe ndi makomo awo. Mtsogoleri saphunzitsa ndi pakamwa pokha. Anthu amayang'ana kuseri kwa nyumba yake. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo ifenso tipangane lero, mwana wina asanalumidwe. Ulendo wina galimoto ikadzaima pa makala, mnyamata n'kuvundukula malaya, bwana asadzatulutse chikwama. Adzamuuze mnyamatayo kuti zimene akuchita ndi mlandu, ndipo adzadziwitse apolisi kapena a Dipatimenti amene ali pafupi. Wogula akasowa, wogulitsa adzaleka, ndipo mwana wa pusi adzakulira pamimba pa make.